Mayadi Khumi a Mawu a Bambo

Kamwendo, P.O. Fort Manning
Lolemba, 29 Ogasiti 1955

Achimwene a Habibu,

Salamu aleikumu. Kuno tonse tili bwino, bambo ndi chifuwa chawo chija basi, kaya inu kumeneko ku Lusaka? Lero akwana masiku asanu ndi atatu chikwerereni inu lole ya ku Fort Jameson, ndipo sitinamve ngati munafika bwino ndi makina a eni ake aja.

Ndikuuzeni zimene mwatisiyira. Loweruka lija pa 20, mutawakakamiza bambo kutsitsa bangwe wawo kudenga kuti aimbe pa makina anu ojambulira mawu, paja iwo anati n'zachibwana, munthu woitana anthu ku swala pa mzikiti saimba bangwe. Anati anamusiya zaka 28 zapitazo ndipo zala zinaiwala. Koma inu munaona nokha kuti zala sizinaiwale.

Tsopano tsiku lililonse amandifunsa ali pa makina awo osokera, osandiyang'ana, “Zubeda, lero n'lachingati?” Lachiwiri lapitali, 5 koloko itayandikira, anati ulusi wakuda watha, akukagula kwa amalume a Bakari. Ulusi wakuda tili nawo mipukutu isanu ndi umodzi, ndinawerenga. Anakakhala pa khonde la sitolo pafupi ndi kawayilesi konga sefuliya kaja mpaka pulogalamu yanu ya nyimbo za kumidzi inatha. Anabwerako opanda ulusi, akuti, “Mwana uja amalankhula mothamanga ngati akumuthamangitsa agalu.”

Amayi nawonso akudikira. Chonde tiuzeni tsiku lenileni limene nyimbo ya bambo idzamveke, ndilembe pa kalendala.

Ndine mlongo wanu,
Zubeda


Lusaka
19 Sepitembala 1955

Mlongo wanga Zubeda,

Waaleikumu salamu. Kalata yako ndinailandira, pepa ndachedwa kuyankha. Ndinafika bwino, makina anafika bwino, msana wanga ndiwo unatsala pa msewu.

Inu kumeneko mumamva theka la ola pa sabata n'kumati Habibu amangocheza. Theka la ola limenelo limandidyera masiku asanu ndi limodzi. Ndimanyamula makina kupita kumudzi, ndimapempha anthu aimbe. Akayamba bwino, tambala alira. Tiyambirenso. Akafika pakati, mwini ng'oma akuti pakhosi pauma. Ndikabwerera kuno, bwana wamkulu wa mapulogalamu amakhala ndi wotchi m'manja, akuti nyimbo ya anthu isapitirire mphindi zinayi. Ndimadula ndi lezala nyimbo zimene agogo a anthu anazisiya zathunthu. Madzulo ndimatanthauzira m'Chinyanja nkhani za manyowa. Ndatopa, Zubeda, koma usawauze amayi.

Za bambo. Tepi imodzi imatenga mphindi 15. Nyimbo yawo yatenga mphindi 13 ndi theka, ndipo paja ndinasiya makina akuyenda mpaka tepi inatha yokha. Bwana anati ndidule. Ndinakana. Ndakangana naye masabata awiri, ndinamuuza kuti si nyimbo wamba, ndi ulendo wa munthu, ukadula pakati munthuyo safika. Dzulo watopa nane, wavomera. Idzamveka yathunthu Lachiwiri pa 8 Novembala, 5 koloko madzulo. Ikangoulutsidwa adzaidinda pa mbale ya galamafoni yosungira. Lemba pa kalendala yako.

Uwauze bambo kuti ndidzalankhula pang'onopang'ono tsiku limenelo.

Ine,
Habibu


Kamwendo
Lachinayi, 27 Okutobala 1955

Achimwene,

Salamu aleikumu. Ndikhulupirira telegalamu inakupezani. Amalume anapalasa njinga kukaitumiza ku boma Lachiwiri m'mawa. Ndikulemba kuti mudziwe m'mene zinayendera.

Bambo anatisiya Lolemba pa 24, 10 koloko m'mawa itangodutsa. Anali pa makina, akusoka malaya a mesenjala wa ku boma. Ndinali kuwaikira makala m'simbi. Anatsokomola kawiri, n'kuweramira pa nsalu ngati akufuna kuona msoko. Ndinawaitana katatu. Tinawaika tsiku lomwelo dzuwa litapendeka. Kwa Mulungu tinachokera, ndipo kwa Iye tibwerera. Anthu anabwera ambiri, a ku Dambe kwawo kwa amayi, ndi ena a ku Kachebere amene bambo ankawasokera ngakhale si a mzikiti. Musadziimbe mlandu, palibe lole imene ikanakufikitsani.

Malaya aja ndawamaliza ine. Anatsala mkono umodzi ndi mabatani.

Sadaka ya arobaini, ya masiku makumi anayi, idzakhala Loweruka pa 3 Disembala. Kodi akupatsani tchuthi?

Amayi sakutuluka. Dzulo anayang'ana kalendala pamene ndinalemba 8 Novembala, nandiuza kuti ndikulembereni kuti nyimbo ija isamveke pa tsiku limenelo. Chifukwa chake mukuchidziwa, sindichita kukuuzani.

Zubeda


Sitolo ya Bakari, Kamwendo
30 Okutobala 1955

Iwe Habibu,

Salamu. Ine malume ako. Sindinafike Sitandade Sikisi ngati iwe, ndiye ndilemba zochepa ndipo umve.

Mlamu wanga waitana swala pano zaka 28, mvula ndi dzuwa. Anthu amuika m'manda akumudziwa choncho. Tsopano ndikumva kuti unamugwira ndi makina ako akuimba bangwe ngati mnyamata wa pamowa, ndipo ufuna dziko lonse limve, mpaka a ku Joni. Kodi ku Lusaka nyimbo zatha? Munthu ali moyo akhoza kudziyankhira. Uyu sangathe. Wayilesi ndi yanga, khonde ndi langa, ndipo amene adzandifunse mafunso ku mzikiti Lachisanu si iwe. Mayi ako nawonso ndamva kuti akana. Usatichititse manyazi tili pa maliro.

Chachiwiri. Batire la wayilesi layamba kufooka, mawu ako akumveka ngati udzudzu. Undipezere labwino kumeneko, upatsire Sumani wa lole. Lachiwiri anthu amadzaza pano, ndipo munthu womvera wayilesi sabwerera osagula mchere.

Malume ako,
Bakari


Lusaka
14 Novembala 1955

Zubeda,

Makalata onse awiri, yako ndi ya amalume, anafika tsiku limodzi. Ndamva.

Nyimbo ndinaichotsa. Pa 8 paja munamva ana a sukulu akuimba za ukhondo, ndiwo ndinaika m'malo mwake. Bwana anandiseka, akuti, “Masabata awiri kundisowetsa mtendere, lero ukuti usaike?” Ndinangoti pepani. Pa bokosi la tepi ndalembapo ndi dzanja langa kuti isaulutsidwe, ndaika pa shelefu.

Tsiku la telegalamu ndinali ndi pulogalamu yoti ndijambule. Ndinaijambula. Akuti ndinalankhula bwino.

Ku arobaini sindibwera. Pa 21 akunditumiza kumpoto ndi galimoto ya makina, kukajambula nyimbo za asodzi ndi za osula makasu, akuti mpaka chaka chatsopano. Ndinapempha, anati wina wolankhula ndi anthu palibe. Mundipepesere kwa amayi pa zonse. Batire la amalume ndapatsira Sumani.

Habibu


Kamwendo
Lolemba, 12 Disembala 1955

Achimwene a Habibu,

Salamu aleikumu. Ndikutumiza ku ofesi kwanu poti sindidziwa kumene muli. Tili bwino. Mvula inayamba pa 26 Novembala, chimanga chamera.

Arobaini inayenda bwino pa 3. Ashehe anakutchulani m'mapemphero.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Ndi youma, achimwene, ngati ya munthu wokhumudwa. Mukuti ndikupepesereni pa zonse, zonse ziti? Ndamva kuti amalume anakulemberani zawo. Zimenezo ndi zawo, si za amayi. Amayi ali pa eda. Mkazi wamasiye amakhala m'nyumba miyezi inayi ndi masiku khumi, sangakakhale pa khonde la sitolo pakati pa amuna, ndipo wayilesi sitingailowetse m'nyumba ya eda. Nyimbo ikanamveka pa 8 Novembala, Kamwendo yense akanawamva bambo, kupatula iwo okha. N'chifukwa chake anati isamveke tsiku limenelo. Ndinkayesa mukudziwa.

Ashehe anawerenga kuti ndi masiku 130. Amayi sadziwa kalendala, ndiye anatenga chitini cha mabatani cha bambo, tinawerenga mabatani 130. M'mawa uliwonse akatha swala amachotsa limodzi n'kuika m'mbale. Lero m'mbale muli 49, m'chitini mwatsala 81. Lomaliza lidzatuluka Lachisanu pa 2 Malichi. Lachiwiri loyamba pambuyo pake ndi pa 6 Malichi. Amayi akupempha tsiku limenelo. Nthawi ilipo yambiri yoti mukambirane ndi bwana wanu.

N'zabwino kuti mawu ali m'bokosi pa shelefu. Chinthu chosungidwa sichithawa.

Mlongo wanu,
Zubeda


Kamwendo
Lolemba, 16 Januwale 1956

Achimwene,

Salamu aleikumu. Apita masabata asanu chilembereni, yankho palibe. Pa wayilesi Lachiwiri akulankhula munthu wina wa mawu a m'mphuno, ndiye ndikudziwa kuti simunabwerere. Kodi muli bwino? Kuno mtsinje wa Bua unasefukira pa 4, makalata anakhala masiku asanu ndi anayi osadutsa.

M'chitini mwatsala 46.

Dzulo tikusankha nyemba amayi anandiuza chinthu chimene sindinkadziwa. Mukukumbukira kuti nyimbo ija imanena za munthu wochokera ku minda ya fodya ku Fort Jameson wapansi, akutchula mitsinje imene akuwoloka, mpaka anapempha madzi kwa mtsikana wa mtsuko wong'aluka? Amayi akuti mtsuko unali wawo. Akuti sunali wong'aluka kwenikweni, unangobenthuka kukamwa, koma bambo ankakonda kuwonjezera. Anaseka, achimwene. Koyamba chichokereni bambo.

Ndinawauza kuti amalume akuti adzazima wayilesi. Anati, “Bakari? Ndinamubereka kumsana ine ameneyo.”

Atulutsa nsalu yawo yabuluu m'sutukesi kuti ipite mphepo. Chonde ngakhale mizere iwiri, mungoti pa 6 Malichi zatheka.

Zubeda


Lusaka
6 Febuluwale 1956

Mlongo wanga,

Ndinafika Lachisanu pa 3. Galimoto inatitimira m'matope, kenako tinakhala masiku khumi ndi awiri tikudikira madzi aphwe pa doko. Makalata ako awiri ndinawapeza m'kabokosi kanga, ndinawawerenga nditaimirira. Kuyambira Lachisanu ndakhala ndikuyamba kalata ino n'kung'amba.

Zubeda, tepi si mbale ya galamafoni. Sindinakuuzeni kumudzi chifukwa sindinkaganiza kuti zidzafunika. Mbale ukadinda wadinda. Tepi ili ngati sileti ya kusukulu, ukajambulapo zatsopano, zakale zimafufutika. Matepi kuno ndi ochepa, amachokera kutsidya kwa nyanja. Chaka chikatha amasonkhanitsa onse amene sanaulutsidwe ndi kuwagwiritsanso ntchito. Pa 5 Januwale anatenga ya bambo.

Amene anaitenga sanalakwe. Anawerenga dzanja langa pa bokosi. Ndikanalemba kuti isungidwe mpaka Malichi, bwenzi ilipo. Ndinalemba kuti isaulutsidwe, basi, chifukwa ndinkayesa amayi achita nayo manyazi monga amalume. Unati chifukwa chake ndikuchidziwa. Ndinayenera kuchidziwa. Mwana wa woitana swala, munthu wowerenga masekondi tsiku lonse, ndinaiwala miyezi inayi ndi masiku khumi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikutolera miyambo ya eni ake m'mabokosi, wa m'nyumba mwathu unandidutsa.

Bokosi lili pa tebulo panga pano. Dzina la bambo analikhwatcha. Pansi pake alembapo kuti: Kusambitsa ng'ombe ku dibi, mphindi 14 masekondi 10. Sindinaiike pa makina. Sindingathe kumvera munthu akunena za nkhupakupa pamene panali bambo.

Sindidziwa kuti uwauza bwanji amayi. Ukafuna ndiwalembere ndekha, uwawerengere. Ndaganiza zosiya ntchito ino, koma ngakhale mphamvu yolembera kalata yosiyira ndilibe.

Habibu


Kamwendo
Lachitatu, 15 Febuluwale 1956

Achimwene,

Salamu aleikumu. Kalata yanu yafika dzulo. Ndinakaiwerengera kuseri kwa nkhokwe. Nanenso ndinalakwa, ndikanalemba mawu amodzi okha, eda, pa 27 Okutobala paja. Ndinaona ngati kukuuzani kukhala kukunyozani. Tisalimbane za amene walakwa kwambiri, tonse tatopa.

Amayi sindinawauze. M'chitini mwatsala 16.

Ndili ndi funso, mundikhululukire ngati n'lopusa, ine makina anu sindiwadziwa. Ndatulutsa kalata yanu ya pa 19 Sepitembala. Munalemba kuti tepi imatenga mphindi 15, ndipo munasiya makina akuyenda mpaka inatha yokha. M'kalata ya pa 6 Febuluwale mwalemba kuti za dibi ndi mphindi 14 masekondi 10. Ndachotsera kawiri, akutsala masekondi 50. Mukuti zakale zimafufutika pamene pajambulidwa zatsopano. Nanga pamene sipanajambulidwe?

Bambo akamadula malaya a mwana pa mkanjo wakale, nthawi zonse kumapeto kunkatsala kansalu, ndipo sankataya. Ndikudziwa kuti nyimbo inathera pa 13 ndi theka, ndiye nyimboyo yapita. Zimene zinachitika itatha sindidziwa, ine ndinali nditatuluka kukalandira munthu wodzatenga buluku. Koma bambo anali akadali m'chipindamo.

Limbani mtima, mumvere za nkhupakupazo mpaka kumapeto.

Zubeda


Lusaka
24 Febuluwale 1956

Zubeda,

Kalata yako yafika m'mawa uno. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinatseka chitseko, ndinaika tepi. Tsopano ndikudziwa zonse za dibi.

Alipo. Masekondi 50, monga unawerengera. Si nyimbo. Ndi bambo basi.

Ndadula kachidutswako ndi lezala, ndakakulunga pakokha. Ndinakayeza ndi tepi ya telala ya mnzanga, kakwana mayadi khumi ndi nyenyeswa. Bambo akanati mikanjo iwiri ndi kofiya.

Ndinamuikira bwana kuti amve. Akuti izi si zaluso, si mwambo, ndi nkhalamba ikudandaula kunyumba kwake, sizingapite pa mphepo. Sindinakangane naye, mphamvu zokangana zinatha mu Sepitembala. Pa pepala la pa 6 Malichi ndalemba kuti nyimbo yomaliza ndi ya mphindi zinayi. Koma ndi ya mphindi zitatu, yotsalayo ndi ya bambo. Akadzandifunsa Lachitatu ndidzayankha Lachitatu.

Uwauze amayi zoona zonse tsikulo lisanafike, asadzadikire bangwe. Akhale pafupi ndi wayilesi 5 koloko ikadutsa ndi mphindi 28. Ndi kamodzi kokha, ndipo n'kwakufupi. Wina asatsokomole.

Habibu


Kamwendo
Lachitatu, 7 Malichi 1956

Achimwene a Habibu,

Salamu aleikumu. Tili bwino. Ndilemba mwa ndondomeko kuti ndisasiye kanthu.

Kalata yanu inafika Lachinayi pa 1. Lachisanu pa 2 amayi anatulutsa batani lomaliza, loyera la malaya. Anasamba, amayi a ku mzikiti anabwera, anawatulutsa panja. Masana anthu atapita ndinawakhazika pa mphasa, ndinawauza zonse, za sileti, za bokosi, za pa 5 Januwale. Anasalaza mphasa ndi dzanja.

Kenako anati, “Ndiye pamwamba pa bambo ako pali ng'ombe?”

Ndinati, “Inde amayi, za dibi.”

Anati, “Munthu analibe ngakhale mbuzi.” Misozi inatsika, sanaipukute. Atatero anati, “Nyimboyo ine ndili nayo, sinapite kulikonse. Ndimafuna mawu. Mawuwo akuti alipo?”

Ndinati alipo masekondi 50. Anafunsa kuti n'kutalika bwanji. Ndinawawerengera mokweza mpaka 50. Anati, “Akwana.”

Dzulo anavala nsalu yabuluu. Tinafika pa sitolo 5 koloko isanakwane. Pa khonde panali anthu 31, osawerengera ana a kumsana. Amalume anaima pafupi ndi wayilesi manja ali m'chiuno, akuti, “Achemwali, ndanena kale. Ndikangomva nsambo ya bangwe, ndizima.”

Amayi anati, “Bakari, ndinakupukuta mamina mpaka unamera mano achiwiri. Sendera uko, wandiphimba.”

Anthu anaseka, amalume anasendera. Koma mudziwe kuti aakazi awo anandinong'oneza kuti batire analiyanika padzuwa kuyambira m'mawa kuti lisafooke, ndipo anakwera okha mu mtengo wa mango kukamangitsa waya.

Tinamvera nyimbo za asodzi anu. Ine maso anali pa wotchi ya m'sitolo. Itakwana 29 munati, “Omvera, yatsala mphindi imodzi. Awa ndi a Mahomedi, telala wa pa Kamwendo.” Munalankhula pang'onopang'ono, ndinazindikira.

Kunamveka kaphokoso ka chinthu choikidwa pansi. Kenako chifuwa chija. Achimwene, chifuwa chokhacho amayi anagwira dzanja langa. Bambo anati, “Basi, zima kanthu kakoko, kandimalizira mawu.” Inu munaseka muli mu wayilesi, mukuti, “Kakutha kokha, bambo.” Iwo anati, “Ukawauze azungu akowo kuti ulusi wa masiku ano ndi wowola.” Mpando unalira. Kenako anakweza mawu monga ankachitira masana alionse: “Amake Habibu! Simbi yazizira kuno. Makala aja mwaika kuti?”

Tepi inathera pomwepo. Wayilesi inangoti sii.

Amayi anayankha. Sanakweze mawu, anangotembenuza mutu pang'ono monga ankachitira ali kukhitchini. Anati, “Ali pomwe munawasiya.”

Kenako munthu wowerenga nkhani anayamba. Amalume ndiwo anazima, n'kulowa m'sitolo, akuti fumbi la tsabola lawalowa m'maso. Ali m'katimo tinawamva akuti, “Zaka makumi atatu m'nyumba imodzi, munthu osadziwa pokhala makala.”

Pobwerera amayi anayenda patsogolo. M'mawa uno abwezera mabatani onse 130 m'chitini, akuti ndi a ntchito, ndisokere.

Ndinawafunsa ngati mutumize mayadi khumi aja kuno. Akana. Akuti kuno kulibe chowalankhulitsa, angakhale ngati chingwe wamba, akhale kumene kuli makina. Akutinso ntchito musasiye, ndipo ngati bwana wakukalipirani lero, mupepese ndi pakamwa pokha. Koma akuti pa shelefu musaikenso. Muike m'thumba la malaya, la kumanzere, ndipo pochapa muzikumbukira kutulutsa.

Ndine mlongo wanu,
Zubeda